Makina odya madzi oipa: lipoti la ntchito zitatu za Gilberto Esparza

Lipoti ili ndalembera anzanga amene timapanga zionetsero zaluso ndi zipangizo zamagetsi zotha ntchito, makamaka amene mwafika poika masensa, mababu ndi timamota kuti ntchito yanu izichita kanthu munthu akayandikira. Ndatenga ntchito zitatu za Gilberto Esparza, waluso wa ku Mexico wobadwa mu 1975 ku Aguascalientes, chifukwa iyeyu analimbana ndi funso limene ambirife timalizemba. Ungadzudzule bwanji zamagetsi kuti zikuwononga chilengedwe, pamene chionetsero chako chomwe chikuyamwa magetsi a pakhoma tsiku lonse, chodzaza zipangizo zogula dzulo zimene chaka chamawa zidzakhala kumtaya?

Pamene ambiri timaima

Kukula kwa vutoli sikufuna kukometsera. Lipoti la Global E-waste Monitor la 2024, lotulutsidwa ndi nthambi za United Nations za ITU ndi UNITAR, linati mu 2022 dziko lonse linataya matani 62 miliyoni a zipangizo zamagetsi, ndipo zimene zinalembedwa kuti zatoledwa n'kukonzedwanso moyenera zinali 22.3 peresenti yokha. Likuyerekeza kuti pofika 2030 matani adzakwana 82 miliyoni. Mexico yokha imataya matani oposa 1 miliyoni pachaka.

Waluso akamva manambala otere, chimabwera msanga m'mutu ndi kuunjika. Mu 2005 ku London kunaimikidwa chimunthu chotchedwa WEEE Man, chojambulidwa ndi Paul Bonomini, chotalika mamita 7, cholemera matani 3.3, kuimira zamagetsi zimene munthu mmodzi wa ku Britain angataye pa moyo wake wonse. Mu 2021, atsogoleri a mayiko a G7 akukumana ku Cornwall, Joe Rush ndi anzake anaumba nkhope za atsogoleriwo ndi zidutswa za mafoni, makompyuta ndi zina zotero. Ntchito zimenezi ndimazilemekeza. Zimafika m'manyuzi, ndipo munthu akaima pansi pa chimunthu cha matani atatu amamva kulemera kwake m'thupi. Koma zimanena chinthu chimodzi chokha, kuti zinyalala zachuluka. Mtsinje, dothi ndi mpweya, kumene poizoni wa zinyalalazo amakathera, sizioneka paliponse.

Ena timafuna kupitirira apo, ndiye timalumikiza sensa, kachipangizo kozindikira kuti munthu wayandikira kapena wasuntha, ku kabolodi ka Arduino, kakompyuta kakang'ono kolamulira zipangizo, kukoleka pulojekita, kuti mlendo akakweza dzanja chinthu chiyake kapena chilire. Ana amasangalala, zoona. Chimandivuta ine n'chakuti phunziro limene thupi la mlendoyo likutenga ndi lomwe lija la m'sitolo ya mafoni: ndikagwedeza chala chipangizo chimvere pompo, mphamvu yake ichokere kumene ikudziwa. Khalidwe limenelo ndi limene ladzaza mitaya.

Tizilombo ta m'mawaya

Esparza anaphunzira zaluso pa yunivesite ya Guanajuato. Cha m'ma 2006 anayamba ntchito yotchedwa Parásitos Urbanos, gulu la timakina tooneka ngati tizilombo, topangidwa ndi zidutswa za zipangizo zotayidwa, timene anatimwaza m'misewu ya Mexico City. Panali ntchentche zopangidwa ndi timamota tija timanjenjemeretsa foni, zomangirira ku tiwaya topyapyala timene timazipatsa magetsi. Panali tina toyenda pa milu ya zinyalala tikumatokosa, potengera anthu otola zinthu kumtaya, amene mumzindamo ndi ambiri. Panalinso tolendewera pa mawaya a mumsewu, tikumayamwa mphamvu pomwepo, monga amachitira ena mwa ogulitsa malonda m'mbali mwa msewu amene amadzikokera magetsi mozemba.

Apa anapambana pa zinthu ziwiri. Ntchito inatuluka m'nyumba ya zionetsero n'kukakumana ndi anthu amene sanaifune. Ndiponso kamakina kalikonse kanali ndi njala, kanali ndi pamene kakudya, ndipo wodutsa ankaona ndi maso ake kuti mphamvu ikuchokera pawaya uyu. Ndinene mosapsatira kuti zokoleka zinthu pa mawaya a mumsewu musayese. Zimapha, ndiponso ndi mlandu. Komanso tizilomboti tinali tikudyabe magetsi omwe aja a mumzinda, amene ku Mexico ambiri amachokera ku gasi ndi mafuta. Funso la kumene thupi la makina lachokera linali litayankhidwa, la chakudya chake linali lisanayankhidwe.

Chomera choyenda

Mtsinje wa Lerma umayambira kufupi ndi Toluca, n'kuyenda makilomita oposa 700 kudutsa minda, mafakitale ndi mizinda, kuphatikizapo Salamanca kumene kuli fakitale yaikulu yoyenga mafuta, mpaka kukathira m'nyanja ya Chapala. Potuluka m'nyanjamo madzi amatenga dzina la Santiago, n'kudutsa pa El Salto m'chigawo cha Jalisco, pamene pali mathithi amene kale anthu ankachokera kutali kudzawaona. Lero pamadziwika ndi thovu loyera ndi fungo loboola m'mphuno. Kumayambiriro kwa 2008 mnyamata wa zaka 8 anagwera m'madzi a kumeneko, n'kumwalira patapita masabata ochepa, ndipo m'thupi mwake munapezeka poizoni wambiri wa arsenic. Esparza anafika ku El Salto, ndipo ntchito yake yotchedwa Plantas Nómadas inabadwira pa mitsinje imeneyi. Inaonetsedwa ku nyumba ya zaluso ya LABoral mumzinda wa Gijón ku Spain mu 2010, komanso anaitengera m'mbali mwa Lerma ku Salamanca.

Plantas Nómadas ndi loboti ya miyendo yambiri, yoberekera zomera. Ikafika m'mphepete mwa madzi imatsitsa kapaipi, kuyamwa madzi oipawo, n'kuwathira m'timabokosi mmene muli mabakiteriya. Mabakiteriya amadya zonyansa za m'madzimo, pakudyapo pamatuluka magetsi pang'ono, magetsiwo amasungidwa kuti ayendetse makinawo, ndipo madzi amene atsikako uve amathirira zomera zija. Esparza sanaipange yekha, anagwirana manja ndi mainjiniya ndi akatswiri a sayansi ya zamoyo.

Mtima wa zonsezi ndi batire la mabakiteriya, ndipo amene mukufuna kutengerapo nzeru muyenera kulimvetsa bwino. Chamoyo chilichonse chikamagaya chakudya chimamasula maelekitironi, tinthu ting'onoting'ono tonyamula magetsi, ndipo chiyenera kupeza powatula. Ife timawatula pa okosijeni amene timapuma. M'matope akuda a pansi pa mtsinje mulibe okosijeni, ndiye mabakiteriya ena amawatula pa dzimbiri la chitsulo la m'dothi. Mtundu wodziwika kwambiri pa khalidwe limeneli ndi Geobacter, umene Derek Lovley anaupeza mu 1987 m'matope a mtsinje wa Potomac ku America. Ukakwirira chidutswa cha graphite (chakuda chija cha mkati mwa pensulo, chimene chimadutsitsa magetsi) m'matope otere, mabakiteriya amachikuta n'kuyamba kutula maelekitironi pa icho. Ukachilumikiza ndi waya ku chidutswa china chimene chili pamwamba pokhudza mpweya, maelekitironi amayenda m'wayamo kukakumana ndi okosijeni. Kuyenda kumeneko ndiwo magetsi. Nzeruyi si yatsopano, katswiri wa zomera M. C. Potter wa ku yunivesite ya Durham analemba za magetsi ochokera ku tizilombo mu 1911.

Tsono mverani kuchepa kwake. Batire limodzi lotere, lisanalumikizidwe ku chilichonse, limaonetsa pakati pa 0.5 ndi 0.8 volt, ndipo ukalipatsa ntchito limatsika. Kababu kofiira ka LED kamafuna pafupifupi 1.8 volt. Mphamvu ya chidebe chimodzi cha matope imawerengedwa m'ma microwatt, ikachita bwino kwambiri ndiye iyandikira milliwatt imodzi, imene ndi ma microwatt 1,000, pamene chaja wamba ya foni imapereka ma watt 5, amene ndi ma milliwatt 5,000. Makina oyendera mphamvu yotere ayenera kudikira. Amasonkhanitsa pang'onopang'ono, kusuntha pang'ono, kenako kukhalanso duu ngati ng'ombe yobzikula. Kwa woyang'anira chionetsero amene akufuna alendo aone zinthu zikugwedezeka, chimenechi ndi chilema. Kwa ine ndi pamene pagona luso lonse. Mlendo wozolowera kudina batani afika, ayang'ana, palibe chikuchitika, ndipo akafunsa amauzidwa kuti makinawa akudikira mtsinje uwapatse chakudya. Munthu ameneyo kwa mphindi zingapo waona kuti mphamvu ili ndi mtengo komanso ili ndi nthawi yake.

Chipinda chamdima ku Lima

Ntchito imene ndimaiona kuti ndi yokhwima kuposa zonse ndi Plantas Autofotosintéticas, ya mu 2013 ndi 2014, imene inaonetsedwa ku Lima, likulu la Peru. Lima ndi mzinda wa m'chipululu, wa anthu pafupifupi 10 miliyoni, mvula sigwa yoti n'kutchula, ndipo madzi ambiri akumwa amachokera mumtsinje wa Rímac, womwenso umanyamula zotsalira za m'migodi ya kumapiri a Andes ndi zonyansa za mumzinda.

Chipinda chake ndi chamdima. Pakati pali chigalasi chobulungira chodzaza madzi, mmene muli zomera za m'madzi, ndere ndi tizamoyo ting'onoting'ono. Mochizungulira muli mapaipi, iliyonse ili batire la mabakiteriya lodyetsedwa madzi oipa otungidwa m'madera osiyanasiyana a mzindawo. Magetsi ochokera m'mapaipi amasanduka kuwala kong'anima mwa apo ndi apo, ndipo kuwalako ndi kumene zomera za m'chigalasi zimapangira chakudya chawo m'malo mwa dzuwa. Madzi osefedwa amatsikira m'chigalasimo. Kusinthasintha kwa magetsi a mabakiteriya kumasandutsidwanso phokoso lomveka m'chipindamo. Mu 2015 ntchitoyi inalandira mphoto ya Golden Nica ya Prix Ars Electronica ku Linz, Austria, m'gawo la Hybrid Art.

Onani amene akuyendetsa chionetsero chimenechi. Anthu a m'dera limene madzi anatungidwa analowa kale m'chipindamo asanafike n'komwe pakhomo, pakuti zimene anataya m'ngalande ndi zimene zikuyatsa nyali. Mlendo wa mumzindawo sangaime ngati woonerera chabe. Ndipo pali mfundo ina yosautsa imene ndimaikonda chifukwa siilola munthu kutuluka ndi yankho lofewa. Madzi akachuluka zonyansa za m'zimbudzi ndi zowola, mabakiteriya amakhuta, nyali n'kumawala kawirikawiri. Madzi akakhala oyera, makina amagona ndi njala. Koma madzi akakhala ndi mankhwala aukali kapena zitsulo zapoizoni zambiri, mabakiteriya amafooka, nyali n'kuzimanso. Mdima m'chipindamo ukhoza kutanthauza mtsinje wabwino kapena mtsinje wakufa, ndipo diso lokha silingasiyanitse. Wofotokozera alendo ayenera kuidziwa mfundo imeneyi, apo ayi adzawasocheretsa.

Pa tebulo la mmisiri

Zimene Esparza anachita ndi mainjiniya, ife tikhoza kuyesa kachigawo kake ndi zinthu za kumtaya. Mmene ine ndimachitira ndi umu. Matope ndimatenga akuda, onunkha, a pansi pamene madzi sathamanga. Amene mumaudziwa mtsinje wa Mudi ku Blantyre mukudziwa mtundu wa matope amene ndikunena. Graphite ndimachotsa m'mabatire akuluakulu a tochi ndi wailesi, aja otchipa a zinc-carbon, amene pakati pake pali kandodo kakuda. Mabatire a alkaline alibe kandodo kameneka, ndipo a lithium musawatsegule n'komwe chifukwa amayaka. Unga wakuda wozungulira kandodoko musaugwire ndi manja osavala magolovesi, ndipo timandodoto titsukidwe bwino tisanalowe m'matope. Kuchuluka kwa malo okhalapo mabakiteriya ndiko kumachulukitsa mphamvu, choncho timandodo tambiri tomangidwa pamodzi timaposa kamodzi.

Pamene ambiri amagwa ndi pa waya. Mkuwa ukakhala poyera m'matope umadyeka, komanso umapha mabakiteriya omwe mukuwaweta. Mfundo iliyonse pamene mkuwa wakumana ndi graphite imatidwe ndi guluu wosalowa madzi, kapena mupeze waya wa chitsulo chosachita dzimbiri. Chidutswa cha pansi chikwiriridwe ndithu kuti mpweya usachifike, cha pamwamba chiyandame theka m'madzi theka kunja, ndipo ziwirizi zisakhudzane. Mukatero, dikirani. Mabakiteriya amatenga masiku, nthawi zina masabata, kuti akute graphite, ndipo nyengo yozizira amachita ulesi. Kamita kanu kakayamba kukwera tsiku ndi tsiku, mwayamba kuweta.

Chiyeso chimabwera choti mulumikize zidebe zambiri motsatizana kuti ma volt akwere. Zimatheka kwa kanthawi, koma chidebe chofooka chimatembenuka n'kuyamba kudya mphamvu ya zinzake. Njira yodalirika ndi kusonkhanitsa mphamvu mu capacitor, chipangizo chosunga magetsi kwa kanthawi, kenako kachipangizo kena kokweza ma volt kaitulutse kamodzi n'kamodzi, kababu kang'anime, kudikira kuyambirenso. Ma capacitor abwino amapezeka m'mabokosi opereka magetsi a makompyuta akale, bola mutaye otupa pamutu, ndipo akuluakulu muyambe mwawatsitsa mphamvu musanawagwire. Kung'anima kwa ku Lima kuja sikunali kukongoletsa chabe, mphamvu yochepa imatuluka motero.

Malire amene tiyenera kunena poyera

Mabakiteriya amadya zowola: zonyansa za m'zimbudzi, zotsalira za chakudya, zina mwa zotuluka m'mafakitale. Mtovu, cadmium, mercury ndi arsenic sangazigaye kuti zithe. Zikhoza kusintha maonekedwe, kukhazikika m'matope, kapena kulowa m'mizu ya chomera, koma zikadalipo, ndipo chomera choterocho chasanduka chinyalala choopsa. Tsono poizoni weniweni wa zinyalala zamagetsi ndi ameneyu, kuphatikizapo utsi wa pulasitiki yowotchedwa. Galasi la TV yaikulu yakale lili ndi mtovu woposa kilogalamu imodzi. Mabolodi ambiri opangidwa lamulo la ku Ulaya la RoHS, lochepetsa zinthu zapoizoni m'zamagetsi, lisanayambe kugwira ntchito mu July 2006 anawotchereredwa ndi mtovu. Ku Agbogbloshie mumzinda wa Accra ku Ghana, kumene anyamata ankawotcha mawaya kuti apeze mkuwa mpaka malowo atagwetsedwa mu July 2021, kafukufuku wa mabungwe a IPEN ndi Basel Action Network wa mu 2019 anapeza kuti dzira limodzi la nkhuku zoyendayenda pamalopo linali ndi ma dioxin, poizoni wotuluka powotcha pulasitiki, opitirira ka 220 mlingo umene bungwe loona za chakudya ku Ulaya limati munthu wamkulu angapirire patsiku. Palibe batire la matope limene lingachotse zimenezo.

Ndikunena izi chifukwa ntchito zoterezi zimakopa opereka ndalama, ndipo iwo amakonda kumva kuti waluso wapeza njira yoyeretsera mitsinje. Loboti imodzi singayeretse makilomita 700 a Lerma. Wolemba chikalata chopempha thandizo akalonjeza zotero wanamiza anthu okhala m'mbali mwa mtsinje, amene ana awo akusambabe m'madzi omwewo, ndipo wapeputsa mlandu wa amene akuthira poizoni. Chimene ntchitozi zimachita bwino ndi kuchitira umboni. Zimatenga madzi amene mzinda wawabisa m'ngalande n'kuwaika pakati pa chipinda kuti aliyense awaone akugwira ntchito. Pa chikwangwani cha pakhomo palembedwe zimene makina akuchotsa m'madzi ndi zimene akuzisiya, m'mawu oti mwana wa sitandade 6 amve.

Kusamala chionetsero ndi kuchipasula

Chionetsero chamoyo ndi chiweto, chimafuna munthu tsiku lililonse. Madzi oipa amanyamula kolera ndi taifodi, choncho zidebe zikhale zotseka mbali ya matope, pamalo oti mwana sangapisemo dzanja, ndipo pakhale sopo ndi madzi osamba m'manja pafupi. Matope opanda okosijeni amatulutsa mpweya wa hydrogen sulfide, uja wa fungo la dzira lovunda, ndiye chipinda chamdima chisakhale chipinda chopanda polowera mphepo. Wosamalira azilemba ma volt a chidebe chilichonse m'kope m'mawa uliwonse, ndipo kopelo likhale poyera, alendo aziliwerenga. Anthu amachedwa pa kope lotere kuposa mmene mungaganizire, makamaka akapeza dzina la dera lawo.

Kwa amene mukufunabe kuti mlendo achitepo kanthu ndi manja ake, njira imene ndimaikhulupirira ndi yoti abweretse madzi a mumtsinje kapena m'ngalande ya kwawo m'botolo lotseka, alembe dzina la malowo, wosamalira wovala magolovesi awathire m'chidebe, ndipo mlendoyo auzidwe kuti adzabwerenso sabata yamawa kudzaona kababu kake. Masensa otsata dzanja safunika.

Chimene zikalata zambiri za zionetsero zimaiwala ndi tsiku lopasula. Musanatsegule, mugwirizane polemba ndi eni malo za komwe chilichonse chidzapite, ndipo ndalama yake ikhale m'bajeti. Matope ndi zomera zochokera m'madzi a mafakitale zisatayidwe m'munda wa ndiwo kapena kupatsidwa ziweto. Zikopa za mabatire amene munachotsamo graphite, ndi unga wake wakuda, zisungidwe m'chidebe chotseka mpaka zitafika kwa osonkhanitsa zinyalala zoopsa. Mabolodi, timamota ndi ma capacitor ogwirabe ntchito alembedwe m'ndandanda, apite kwa okonza mawailesi ndi mafoni kapena ku sukulu yophunzitsa zamagetsi. Mawaya asendedwe ndi mpeni, asawotchedwe. Polumikiza zinthu gwiritsani ntchito zomangira zomasuka m'malo mwa guluu paliponse pamene madzi safika, pakuti chimene mwachimata ndi guluu wopasula adzangochiswa n'kuchitaya chonse.